Kudontha kwa Mafuta a Mabuleki pa Galimoto za m'Mafamu

M'mafamu a fodya a ku Mashonaland, monga ku Banket, Karoi ndi Mvurwi, galimoto zimayenda m'misewu yamiyala zitasenza mabelo opita ku Harare. Mafuta a mabuleki akachepa m'kabotolo kake, madalaivala ambiri amangoonjezera ena. Kutero si kukonza ayi. Mafutawa sapserera ngati oyilo wa injini. Akatsika msanga, ndiye kuti penapake pakudontha.

Mlangizi aphunzitse dalaivala kuponda buleki mwamphamvu kwa masekondi 30 galimoto itaima. Chopondera chikamalowa pang'onopang'ono, dalaivalayo ayang'ane kuseri kwa matayala onse. Kunyowa kwa m'munsi mwa dilamu kumasonyeza kuti malabala a silinda ya tayalalo atha. Aunikenso mapaipi a labala ndi achitsulo, amene miyala imawaboola kawirikawiri. Ngati ponse ndi pouma, vuto likhoza kukhala mu master cylinder.

Chitsulo kapena labala wakutha asinthidwe, ma brake shoe onyowa atayidwe, kenaka mpweya uchotsedwe m'mapaipi kuyambira tayala lakutali ndi master cylinder.

Choopsa kwambiri pafamu ndi oyilo wa thirakitala, poti amapezeka pafupi. Akathiridwa m'malo mwa DOT 3 kapena DOT 4, amatupitsa malabala onse. Mafuta okhalitsa m'botolo lotsegula nawonso ngosayenera, chifukwa amayamwa chinyezi. Mwa muyezo wake, DOT 4 watsopano sawira asanafike madigiri 230, koma wachinyezi angawire pa 155. Galimoto yolemedwa ikamatsika mtunda wa Great Dyke, mafuta otere amawira ndipo buleki imakana kugwira.