Oyilo Kula: Kuziziritsa Injini ya Njinga Yamoto Kumalo Otentha

M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, mvula isanagwe, kutentha kwa ku Chikwawa, ku Ngabu ndi ku Nsanje kumapitirira madigiri 40 masiku ena. Munthu amathawira pamthunzi ndipo ng'ombe zimatsikira kumadzi, koma njinga yamoto ilibe kothawira, pakuti mwini wake afuna kuti igwire ntchito tsiku lonse, kunyamula anthu, matumba a thonje ndi odwala opita kuchipatala. Nchifukwa chake eni njinga ena amaganiza zogula kachipangizo kotchedwa oyilo kula. Kachipangizoka nkothandiza ndithu, komatu munthu asanataye ndalama zake ayenera kudziwa ntchito yake ndi pamene mphamvu yake ilekezera.

Petulo akamayaka m'injini, mphamvu yake pang'ono yokha ndiyo imayendetsa njinga. Yotsalayo imasanduka kutentha. Kwina kumatuluka ndi utsi, kwina kumalowa m'zitsulo za injini. Galimoto imachotsa kutentha kumeneku ndi madzi a mu rediyeta, koma njinga zazing'ono zimene zachuluka m'midzi, monga Bajaj Boxer ndi zinzake zochokera ku China, zilibe madzi. Zili ndi tizitsulo topyapyala tondandana pa injini ngati zipsepse za nsomba, ndipo mphepo ikamadutsa pakati pa tizitsuloti imatenga kutentha. Tsono mphepoyo imabwera pokhapokha njinga ili kuyenda.

Pali malo ena m'kati mwa injini amene mphepo singafikeko, monga kunsi kwa pisitoni, m'magiya ndi pa kilachi. Kumeneko wofikako ndi oyilo yekha. Anthu ambiri amayesa kuti ntchito ya oyilo ndiyo kufewetsa zitsulo basi, koma alinso ndi ntchito yachiwiri, yosenza kutentha kuchokera m'kati ndi kukakutula kunsi kwa injini. Ndipo m'njinga yaing'ono oyilo yense amene amagwira ntchito ziwirizi ndi ngati lita imodzi yokha.

Mayi aliyense adziwa kuti mafuta ophikira amakhala olemera akakhala m'botolo, koma m'chiwaya chotentha amayenderera ngati madzi, ndipo akapsa amada ndi kununkha. Oyilo wa injini ndi chimodzimodzi. Amagwira bwino ntchito akatentha madigiri apakati pa 90 ndi 110. Akapitirira kwambiri pamenepo amachepa mphamvu, ndipo akatswiri a zamafuta amawerengera kuti kutentha kukakwera ndi madigiri 10, oyilo amakalamba kawiri msanga kwake. Zikafika poipa, pisitoni imafufuma, oyilo osatha kuilekanitsa ndi khoma la silinda, ndipo zitsulo zimagwirana. Apa mpamene anthu amati injini yanoka. Izi zikachitika njinga ili pa liwiro, teyala lakumbuyo limaima mwadzidzidzi, ndipo chotayika sichikhala ndalama zokha.

Oyilo kula ndi karediyeta kakang'ono, kokula ngati chikhatho cha munthu kapena kuposerapo pang'ono, komangidwa kutsogolo kwa injini. Pampu imakankha oyilo wotentha kudzera m'paipi, oyiloyo nalowa m'timipata ting'onoting'ono ta aluminiyamu timene mphepo imawomba, nabwerera m'injini ndi paipi ina atazizirako. Nzeruyi si yachilendo. Kampani ya Suzuki idatulutsa njinga yaliwiro ya GSX-R750 m'chaka cha 1985, yodalira mphepo ndi oyilo popanda madzi, ndipo Bajaj Pulsar 220 idapangidwa ndi oyilo kula wake kuchokera kufakitale. Pa njinga zotere opanga adayeza kale pampu ndi mapaipi kuti zigwirizane.

Nkhani imasiyana pamene munthu afuna kuwonjezera kachipangizoka pa njinga imene idabwera yopanda. Pampu ya njinga yaing'ono ndi yofooka, ndipo mapaipi aatali kapena opapatiza angachedwetse oyilo kufika kumutu kwa injini. Zikatero mankhwala asanduka matenda. Paipi iyenera kukhala yopangidwira oyilo wotentha, osati ya petulo kapena ya madzi, ndipo isakhudze ekizozi. Paipi ikaphulika panjira, lita imodzi ija imatha m'kanthawi kochepa, ndipo oyiloyo amathira teyala lakumbuyo nkuliterereza. Ntchito imeneyi njofuna makaniko wodziwa, osati mnyamata wongoyamba kugwira sipanala. Akatha kumanga, injini ilizidwe pang'ono, kenaka oyilo ayezedwenso ndi kuwonjezera, pakuti wina amakhala atalowa m'mapaipi.

Chinanso choyenera kukumbukira nchakuti oyilo kula naye amadya mphepo. Njinga ikaima pasiteji injini ili kulira, kapena ikamakwawa mumchenga ndi giya yoyamba, kachipangizoka sikathandiza kwenikweni. Matope, udzu ndi tizilombo zikatseka timipata take, kasanduka chokongoletsera chabe. Kayenera kutsukidwa ndi madzi ndi kaburashi kofewa injini itazizira, osati kutokosola ndi waya.

Kuzizira kopitirira nakonso nkoipa. Munthu wa ku Dedza kapena ku Mzimba, woyenda timaulendo tatifupi m'mwezi wa Juni, safunika oyilo kula. Oyilo wosatentha mokwanira amasunga chinyontho m'kati, nasanduka phala lotuwa. Mwini njinga yonga Yamaha DT125, ya mtundu umene oyilo amapsa pamodzi ndi petulo, asavutike nkugula, chifukwa m'injini yake mulibe oyilo wozungulira woti aziziritsidwe.

Kawirikawiri njinga yotentha kwambiri imakhala ndi vuto lina lotsika mtengo. Zipsepse zija zimakhala zitamatidwa ndi matope, kapena mwini wake adakuta injini ndi malata ndi zikopa zokongoletsa. Mwina oyilo ndi wochepa, wakale, kapena wogula m'mabotolo a m'mbali mwa msewu wosadziwika kochokera. Kumalo otentha opanga ambiri amalola oyilo wolemererapo monga 20W-50, koma buku la njingayo ndilo liyenera kutsatidwa, ndipo pabotolo pakhale polembedwa JASO MA, kusonyeza kuti oyiloyo satereretsa kilachi. Kabuleta yopereka petulo wochepa ndi mpweya wambiri imatenthetsanso injini, ndipo chizindikiro chake ndi pulagi yoyera mbuu kunsonga. Zonsezi zikakonzedwa njinga nkumatenthabe chifukwa cha katundu ndi dzuwa, pamenepo oyilo kula ali ndi malo ake.

Mayeso enieni a njinga ya kuchigwa ndi chikweza cha ku Thabwa, pamsewu wochokera ku Chikwawa kupita ku Blantyre. Pamenepo injini imagwira ntchito yaikulu pa liwiro laling'ono, ndiye kuti moto wambiri ndi mphepo yochepa. Woyendetsa wanzeru amanyamuka m'mamawa, sasenzetsa njinga anthu atatu, ndipo akamva injini ikuchepa mphamvu, ikulira ngati timiyala m'chitini kapena ikununkha oyilo wopsa, amaima pamthunzi ndi kuizimitsa. Asaithire madzi ozizira, chifukwa chitsulo chotentha chikazizira mwadzidzidzi chingapindike kapena kung'aluka. Adikire mphindi 15 kapena 20, aimike njinga mowongoka, ayeze oyilo, ndipo akakhala wokwanira apitirize ulendo.