Kulemba za kutsutsa lamulo la sukulu pofunsira malo ku yunivesite

Kwa inu ana a Amalawi amene mukumaliza matric kuno ku Johannesburg: Wits ndi UJ amayang'ana kwambiri mapointi anu, koma mabungwe ambiri othandiza ndi ndalama za sukulu komanso mayunivesite a ku America amafuna chimangirizo. Pa Common App, fomu yofunsira malo ku mayunivesite ambiri a ku America, malire a chimangirizo ndi mawu 650. Ngati munalimbanapo ndi lamulo lina pasukulu panu, nkhani muli nayo kale.

Yambani ndi kusankha lamulo limodzi lokha, logwirika. Mu Ogasiti 2016 atsikana a Pretoria High School for Girls, mmodzi mwa iwo Zulaikha Patel wa zaka 13, anakana kuumirizidwa kuwongola tsitsi lawo lachibadwa. Panyaza Lesufi, mkulu wa maphunziro ku Gauteng nthawi imeneyo, anafika pasukulupo n'kuimitsa lamulolo. Dandaulo lawo linamveka chifukwa aliyense ankatha kuliona ndi maso. Lanu likhalenso lotero: tsitsi, yunifomu, kuletsedwa kulankhula chinenero chakwanu pabwalo.

Kenako musabisale kumbuyo kwa mbiri. Ana a ku Soweto amene anakana kuphunzitsidwa m'Chiafrikaans pa 16 Juni 1976, ndi ophunzira a Wits amene anayambitsa #FeesMustFall mu Okutobala 2015 pokana kukwezedwa kwa fizi ndi 10.5 peresenti, ndi oyenera ulemu. Koma chiganizo chimodzi chokhudza iwo chakwana. Wowerenga akufuna kudziwa za inuyo.

Apa ndiye pofunika kukhalitsa. Munachita chiyani kwenikweni? Munalemba kalata? Munasonkhanitsa masaini? Munadzera ku RCL, bungwe la ophunzira limene lamulo la masukulu la 1996 limalamula kuti likhalepo pasukulu iliyonse ya boma yokhala ndi giredi 8 kupita m'tsogolo? Munakalankhula pamsonkhano wa SGB, bungwe loyendetsa sukulu? Fotokozani mwatsatanetsatane, ndipo anzanu amene munagwira nawo ntchitoyi musawaiwale; mutu umodzi susenza denga. Nenaninso mantha amene munali nawo, makamaka ngati makolo ankakuuzani kuti mlendo sakweza mawu m'dziko la eni.

A hedi achitireni chilungamo. Lembani zifukwa zawo monga momwe iwo akanazinenera, osatchula dzina la mphunzitsi aliyense. Ngati lamulolo silinasinthe, nenani choncho. Musakometse, pakuti sukulu yomweyo ndiyo idzakulembereni kalata ya umboni.

Musanatumize, mupatseni mnzanu amene analipo awerenge, akuuzeni pamene mwawonjezera.