Wa pakauntala sangakugwireni dzanja

Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Kanengo mu Epulo, ndalama zimafika mpaka ku Mitundu ndi ku Nathenje. Soya ndi mtedza zikagulidwa, nawonso akabaza ndi mavenda amaona kusintha m'thumba. Nyengo yomweyi ndiyo malo obetcherapo amadzaza, ndipo amene amaona zonse ndi mnyamata kapena mtsikana wolemba matikiti pakauntala.

Ogwira ntchito m'malo amenewa amawadziwa makasitomala awo. Amamudziwa wobetcha K500 Loweruka n'kumapita, kaya wawina kaya wadyedwa. Amamudziwanso uja wolawirira m'mawa, wobwerera katatu kwa ejenti wa Airtel Money kapena Mpamba, amene pofika madzulo akufunsa woti amubwereke pomusiyira foni ngati chikole. Munthu wotereyu amayamba ndi ndalama ya ndiwo, kenako ya fetereza, n'kumalizira kwa akatapila. Chomukankha ndi mtima wofuna kubweza zomwe wadyedwa.

Malamulo alipo. Lamulo la 2022 linakhazikitsa bungwe la MAGLA pophatikiza Malawi Gaming Board ndi National Lotteries Board, ndipo limaletsa mwana wosakwana zaka 18 kubetcha. Makampani nawo amalemba uthenga wakuti anthu azibetcha mosamala. Koma taganizani za wantchito uja. Mwana angathe kumubweza pakhomo. Nanga bambo wamsinkhu wa atate ake, amene akumutchula kuti "achikulire" kapena "madala", angayambe bwanji kumuuza kuti zakwana, kazipitani kunyumba? Kwathu kuno mwana salangiza wamkulu pagulu. Ndiponso malipiro a wantchitoyo amachokera m'matikiti omwewo. Akati achenjeze, amayankhidwa kuti ndalama si zake. Tsono ambiri amangomva chisoni chamumtima, n'kulandira ndalamayo. Pa foni ndiye palibiretu wokuonani: kandege ka Aviator kamauluka usiku wonse, inu muli nokha pamphasa.

Masamu a kubetcha ogulitsa matikiti amawadziwa bwino. Matimu awiri ofanana mphamvu akapatsidwa ma odds a 1.90 iliyonse, anthu awiri n'kuika K1,000 aliyense mbali zosiyana, kampani yalandira K2,000 koma ilipira K1,900 yokha. K100 yotsalayo ndi yake, kaya wapambana ndani. Tikiti yamatimu ambiri ndiyo imadya kwambiri. Mukasankha magemu 10, iliyonse yokhala ndi mwayi wa 70 pa 100, mwayi woti yonse ilowe sufika ndi 3 pa 100 pomwe. N'chifukwa chake dandaulo la tsiku ndi tsiku limakhala lakuti "timu imodzi yokha ndiyo yandiphera tikiti". Si tsoka limenelo, ndi mmene bizinesiyo inakonzedwera. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Ngati mumabetcha, dziikireni malire musanachoke pakhomo, ndipo ndalamayo ikatha, nyamukani. Ya fizi, ya fetereza ndi ya kubanki m'khonde isalowe m'menemo. Musabwereke kuti mubetche. Mukayamba kubisira akunyumba kwanu kumene ndalama yapita, dziwani kuti njuga yakulowani, ndipo uzani m'bale, abusa, shehe kapena achipatala zinthu zisanafike poipa. Wa pakauntala analembedwa ntchito yogulitsa matikiti. Yoteteza banja lanu ndi yanu.