Lachitatu: Mayi Amene Analowa m'Ndende ya Newgate

Werengani 2 Timoteo 1:15-18 ndi Ahebri 13:3. Kodi Paulo akumkumbukira Onesiforo chifukwa cha chiyani? Nanga n'chifukwa ninji akutchulapo za manyazi?

Onesiforo sanatisiyire kalata kapena ulaliki uliwonse. Dzina lake lasungika chifukwa chakuti atafika ku Roma anafunsafunsa kufikira atapeza kumene Paulo anamangidwa, pa nthawi imene abale a ku Asiya anali atamfulatira mtumwiyo. Wochezera mkaidi amaika mbiri yake pachiswe, pakuti anthu sachedwa kunena kuti woyenda ndi mbala ndi mbala yomwe. Lero tiphunzira za munthu wina amene anayenda m'mapazi a Onesiforo kwa zaka zoposa 30.

Mayi Elizabeth Fry anabadwira ku Norwich, m'dziko la England, m'chaka cha 1780, m'banja lolemera la mpingo wa Quaker. Anakwatiwa ndi Joseph Fry mu 1800 ndipo anabereka ana 11. Mu 1813 mlaliki wina, Stephen Grellet, anawasimbira zimene anaona m'ndende ya Newgate mu mzinda wa London. Atapitako, anapeza akazi pafupifupi 300 atapanikizana m'zipinda zowerengeka, ena ali ndi ana awo. Oweruzidwa kale ndi oyembekeza mlandu anali pamodzi, ndipo ankaphika, kuchapa ndi kugona pamalo amodzi omwewo. Pa maulendo oyambawo Mayi Fry anawatengera zovala, ndi udzu wouma woti odwala agonepo. Mavuto a m'banja, pamodzi ndi imfa ya mwana wawo wamkazi, anawaletsa kubwererako kufikira kumapeto kwa 1816.

Chimene anachita atabwerera ndicho tiyenera kuchisinkhasinkha. Sanafike ndi malamulo okonzeratu. Anafunsa amayi a m'ndendemo ngati angafune sukulu ya ana awo, ndipo akaidiwo anasankha okha mphunzitsi pakati pawo. Mu 1817 anakhazikitsa bungwe la amayi 12 lochezera akaidi aakazi a ku Newgate. Malamulo atsopano, monga oletsa juga, kutukwana ndi kupemphetsa, anawerengedwa limodzi ndi limodzi pamaso pa akaidi, iwo navomereza pokweza manja. Anayamba kusoka ndi kuluka, napindula ndi ntchito ya manja awo, ndipo Baibulo linkawerengedwa m'mawa ndi madzulo. Kupatsa mkaidi chovala n'kwapafupi, ndipo woperekayo amakhalabe pamwamba. Koma kumfunsa maganizo ake ndiko kuvomereza kuti chifanizo cha Mulungu sichinafafanizike mwa iye, ngakhale kuti dziko lamlanda ufulu. Ambiri a ife timalephera pomwepa, ngakhale pothandiza osauka a pamudzi pathu.

Werengani Mateyu 25:34-40. Kodi Yesu akusiyanitsa mkaidi wolakwa ndi womangidwa popanda chifukwa? Yankho lanu likhudza bwanji anthu amene mumawaona kuti ngoyenera kuwachezera?

Tisaganize kuti zonse zinawayendera bwino. Mu 1818, chaka chimene anakachitira umboni pamaso pa komiti ya Nyumba ya Malamulo, mkazi wina wa m'ndendemo, Harriet Skelton, anaweruzidwa kuti aphedwe pa mlandu wa ndalama zachinyengo. Mayi Fry anampepesera kwa nduna, Lord Sidmouth, koma ndunayo inakana, ndipo mkaziyo ananyongedwa. Ena ankawanena kuti akutaya banja chifukwa cha zigawenga. Mu 1828 banki ya amuna awo inagwa, ndipo dzina la banja linaipa. Iwo sanasiye.

Masiku amenewo akaidi ambiri ankatumizidwa ku Australia. Popita ku doko ankanyamulidwa pa ngolo zosaphimba, khamu la anthu likuwakuwiza ndi kuwagenda. Mayi Fry anapempha kuti azinyamulidwa m'ngolo zotseka, nalonjeza kuwaperekeza. Anakwera m'zombo zoposa 100 zisananyamuke, ndipo bungwe lawo linkapatsa akazi singano, ulusi ndi zigamba za nsalu kuti akhale ndi chochita panyanja. Chofunda chimene akaidi a m'chombo cha Rajah anasoka mu 1841 chikusungidwa ku Canberra. Lamulo la ndende la 1823 linafuna kuti akaidi aakazi aziyang'aniridwa ndi akazi anzawo, monga momwe iwo ankapemphera. Anathandizanso kutsegula malo ogona osowa pokhala mu London, ndipo mu 1840 anayambitsa maphunziro a anamwino.

Anamwalira ku Ramsgate mu 1845. Kuyambira mu 2002 kufikira mu 2017, chithunzi chawo chinali pa ndalama yapepala ya mapaundi 5 ya ku England, ndipo pambali pake panali chithunzi china chowaonetsa akuwerengera akaidi a ku Newgate.

Zokambirana m'kalasi: Yerekezani ulemu umenewu ndi umene amasiye a ku Yopa anapatsa Dorika pa Machitidwe 9:39. Kodi ndende yapafupi ndi mpingo wanu ili kuti, ndipo ndi liti pamene amayi a Dorika kapena akulu a mpingo anakafikako? Pokonza ulendowo, kodi munayamba mwafunsa akaidi eni ake chimene akusowa?