Kutulutsa wosewera ndi kuponyetsa ma free throw pa basketball

Malamulo a FIBA, bungwe loyendetsa basketball padziko lonse, amasiyanitsa wosewera amene wakwanitsa mafaulo 5 ndi amene wathamangitsidwa m'masewero. Wa mafaulo 5 amatuluka m'bwalo koma amaloledwa kukhala pabenchi. Wothamangitsidwa amapita kuchipinda chovalira kapena kutulukiratu m'nyumba yosewereramo, pasanathe masekondi 30. Wosewera amathamangitsidwa akachita nkhanza yoonekeratu monga kumenya mnzake, kapena akapatsidwa ma technical awiri, ma unsportsmanlike awiri, kapena imodzi ya mtundu uliwonse mwa iwiriyi.

Zoyambirira n'zodziwika: woyimbira amaliza wezulo, pa faulo yankhanza amakweza nkhonya zonse ziwiri, kenako amakauza a patebulo nambala ya wolakwayo.

Pogona nkhani ndi pa munthu woponya ma free throw, ndipo apa ndi pamene oyimbira ambiri amapunthwa. Faulo ikakhala yokhudza thupi, woponya ndi amene wachitiridwa fauloyo. Kochi amasankha woponya ngati fauloyo sinakhudze thupi la munthu, monga technical, yomwe chilango chake ndi free throw imodzi. Choncho woyimbira asachoke pamalo pa faulo asanasunge m'mutu manambala awiri: ya wolakwa ndi ya wolakwiridwa. Ambiri amasunga yoyamba yokha. Akamabwerako kutebulo amapeza katswiri wa timu ya wolakwiridwayo waima kale pamzere, akugunditsa mpira pansi ngati palibe chachitika, iwo n'kungomusiya aponye. Umenewu ndi ulesi.

Zimavutirapo ngati woyenera kuponyayo ndi amene watuluka. Mwachitsanzo, nambala 7 wachitiridwa faulo akuponya mpira, mpira sunalowe, ndipo mwaukali wamenya womulakwirayo. Nambala 7 athamangitsidwa, koma ma free throw ake sakufa. Aponyedwa ndi amene walowa m'malo mwake, osati wina amene ali kale m'bwalo, ngakhale akhale kaputeni. Wolowayo sangatulutsidwenso mpaka wotchi itayenda iye ali m'bwalo, choncho kochi sangamulowetse kuti angoponya n'kutuluka. Akatha kuponya, womenyedwa uja amaponya ake awiri, ndipo timu yake imayambitsa mpira kuchokera pamzere wam'mbali, kudera la adani, wotchi yoponyera ili pa masekondi 14. Lamulo la wolowa m'malo ndi lomweli ngati woyenera kuponyayo wavulala kapena wakwanitsa mafaulo 5.

Pamabenchi pamamveka kawirikawiri kuti kochi wa timu inayo ndiye asankhe woponya. Limenelo ndi lamulo la NBA ya ku America, komwenso wosewera amatuluka pa mafaulo 6. Amene anaphunzirira kuyimbira pa TV aziwerenga kaye buku la FIBA, lomwe limapezeka laulere pa intaneti.

Wosayenera akaponya, cholakwikacho n'kudziwika nthawi yokonza isanadutse, ma free throw aja amafufutidwa ndipo mpira umapita kwa timu inayo. Mongoyerekeza, timu ingataye mapointi anayi kapena asanu, powerengeranso amene timu inayo ingagoletse ndi mpirawo, chifukwa woyimbira anachita mphwayi kwa masekondi ochepa. N'chifukwa chake pamene woyimbira mmodzi akupita kutebulo, mnzake wotsala m'bwalo asachotse maso pa wolakwiridwayo, ndipo mpira usaperekedwe pamzere mpaka wothamangitsidwayo atachoka pabenchi komanso oyimbira onse atagwirizana nambala ya woponya.