Kodi Pali Njira Imodzi Yoyankhira Mafunso Onse a Masamu?

Anzanga, m'kalasi tinazolowera kuti samu iliyonse ili ndi njira yake: ukaitsata bwino, yankho lituluka. Lero ndikufuna ndikuonetseni pamene njirazo zimathera.

M'chaka cha 1928, David Hilbert wa ku Germany anafunsa kuti: kodi pali njira imodzi, yoti ngakhale makina angaitsate, yotiuza "inde" kapena "ayi" pa chiganizo chilichonse cha masamu? Gawo la masamu lokhala ndi njira yotere limatchedwa decidable.

Nachi chitsanzo cha kwathu ku Biriwiri. Mayi akugulitsa mbatata ya kachewere pamsewu wa M1, waunjika milu ya zitatuzitatu ndi ya zisanuzisanu. Kodi angapereke nambala iliyonse ya mbatata osaphwasula mulu? 7 sizitheka, koma kuyambira 8 kupita m'tsogolo zitheka: 8 ndi 3+5, 9 ndi 3+3+3, 10 ndi 5+5, kenaka kumangowonjezera mulu wa zitatu. Funsoli likungofuna kuphatikiza basi. Mu 1929, Mojżesz Presburger, wophunzira wa ku Warsaw, anatsimikiza kuti mafunso onse otere, a nambala zowerengera ndi kuphatikiza kokha, ali ndi njira imodzi yowayankhira.

Tsono tilowetsepo kuchulukitsa. Kuchulukitsa ndi 3 si vuto, popeza ndi kuphatikiza katatu. Vuto ndi kuchulukitsa nambala ziwiri zosadziwika, x ndi y. Mu 1931 Kurt Gödel anaonetsa kuti malamulo alionse osatsutsana amene tingalembe pa masamu oterewa amasiya ziganizo zina zoona zosatsimikizika. Mu 1936 Alonzo Church ndi Alan Turing, aliyense payekha, anayankha Hilbert kuti njira ija kulibe. Sikuti sinapezeke chabe, koma siingapezeke.

Tichenjere apa. Izi sizikutanthauza kuti mafunso a kuchulukitsa alibe mayankho. Ambiri timayankha tsiku ndi tsiku. Chosowa ndi njira imodzi yokwanira onse. Ndiye kompyuta, kaya ithamange bwanji, siidzamaliza masamu.

Nchifukwa chake ndikuti tisamangoloweza njira pamtima pofuna kukhoza mayeso. Tizifunsanso kuti njirayo ikugwira ntchito chifukwa chiyani, ndipo ikulekezera pati.

Ntchito yanu: milu ikakhala ya zinayi ndi zisanu ndi ziwiri, nambala yaikulu yosatheka ndi iti?