Sauli Analira, Koma Mkondo Sanautaye

Chidani cha Mfumu Sauli chinayamba tsiku la chikondwerero. Davide atapha Goliyati, amayi a m'midzi ya Israeli anatuluka kudzachingamira ankhondo akuimba ndi kuvina, ndipo m'nyimbo yawo anamupatsa mnyamata wa ku Betelehemu ulemu woposa wa mfumu. Davide sanapeke nyimboyo, sanaiimbe n'komwe. Koma buku la 1 Samueli, mutu 18, likuti kuyambira tsiku limenelo Sauli anayamba kumuyang'ana ndi diso loipa. M'mawa mwake, Davide akumuimbira zeze kuti mtima ukhale pansi, mfumu inamuponyera mkondo.

Anthu ambiri amamutenga Sauli ngati munthu wouma mtima amene sanalapepo. Werengani bwino, muona kuti analapa kangapo konse, mwina kuposa ena a ife. Yonatani, mwana wake, atamudandaulira, Sauli analumbira m'dzina la Yehova kuti Davide saphedwa. Sipanapite nthawi, Davide atapambananso nkhondo, mkondo uja unakazikika pakhoma iye atauzinda.

Chakukhosi sichikhala pa munthu mmodzi. Chinafika pa Yonatani, amene bambo ake omubereka anamuponyera mkondo pa chakudya chifukwa chofunsa kuti Davide walakwanji. Chinafika ku Nobu, kumene wansembe Ahimeleki anapatsa Davide buledi wopatulika osadziwa kuti akuthawa. Sauli atalamula kuti ansembe aphedwe, asilikali a mfumu anakana kuwakhudza, koma Doegi wa ku Edomu anavomera, napha ansembe 85 tsiku limodzi, mudzi wonse n'kupululidwa.

Kenaka ku Engedi. Sauli anatenga amuna 3,000 kukasaka munthu mmodzi, nalowa m'phanga kukadzithandiza, osadziwa kuti Davide ndi anthu ake abisala mkati momwemo. Davide anangodula kansonga ka mkanjo wake. Atamuonetsa kansaluko ali panja, mfumu inalira mokweza, inamutcha mwana wake, inavomera kuti Davide ndiye wolungama ndipo adzakhala mfumu. Kukanakhala kumsonkhano wa chitsitsimutso, tonse tikanaimirira ndi nthungululu kuti munthu watembenuka. Ine sindikayika kuti misozi ija inali yeniyeni. Vuto lake, Sauli analira chifukwa chifundo cha Davide chinamuchititsa manyazi, koma mantha otaya ufumu, amene ankadyetsa chidanicho, sanawapereke kwa Mulungu. Anasadza nthambi n'kusiya chitsa, ndipo chinaphukira anthu a ku Zifi atangobwera ndi mphekesera zoti Davide ali paphiri la Hakila.

Sauli ananyamukanso ndi amuna 3,000. Usiku Davide ndi mnzake Abisai analowa mumsasa onse ali mtulo, natenga mkondo ndi mtsuko wa madzi kumutu kwa mfumu. Sauli anavomeranso kuti wachimwa, walakwa kwambiri, sadzamuchitanso choipa. Davide anabweza mkondowo, koma iye sanabwerere kunyumba ya mfumu. Anathawira ku Gati, kwa Akisi, m'dziko la Afilisti, ndipo pamenepo ndi pomwe Sauli analeka kumusaka. Analeka chifukwa sakanamufikira.

Inu amene munapepesana ndi mbale wanu pamaso pa akulu a mpingo, n'kudyera limodzi Mgonero, dzifunseni ngati mtendere ulipowu sukuchokera poti mnzanuyo anasamuka. Dzina lake likatchulidwa mwaulemu pamaliro kapena paukwati, m'mimba mwanu mumachitika chiyani? Mukamva kuti mwana wake wasankhidwa kupita ku yunivesite, mumatha kumupempherera?

Mapeto a Sauli anali otere: Afilisti atasonkhana ku Sunemu, Sauli anafunsira kwa Yehova, osayankhidwa m'maloto, mwa Urimu kapena mwa aneneri. Ansembe anali atawaphetsa yekha, ndipo Abiyatara, amene anapulumuka ku Nobu, anali kwa Davide. Sauli anadzizimbaitsa napita usiku kwa mayi wobwebweta mizimu ku Endori, pamene anthu otere anawapirikitsa yekha m'dziko. Nkhondo itayambika paphiri la Giliboa, ana ake atatu anaphedwa, kuphatikizapo Yonatani, ndipo Sauli, atalasidwa ndi mivi, anagwera pa lupanga lake.